Kumene foni sigwira, ndani akuyang'anira mbewu?

Soya uja anachoka kufakitale kwathu ali ndi mapepala onse. Anayesedwa m'labotale, kameredwe kake kanali kabwino, chinyezi chinali m'malire, ndipo thumba lililonse linali ndi chizindikiro chake. Mu Sepitembala tinamutumiza kudepoti ina yakumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu pa msewu wafumbi, kuti mvula ikadzagwa adzapezeke pafupi ndi alimi. Mu Disembala madandaulo anayamba kufika. Mizere inamera mwa apo ndi apo, ndipo mlimi wina anabwera ndi njere zimene anafukula m'nthaka, zofewa ndi zonunkha, atazikulunga m'kapepala.

Mlandu unayenda monga umayendera nthawi zonse. Wosunga depoti ankati mbewu inafika yofooka kale. Kufakitale ankati inasungidwa molakwika. Wagalimoto ankati iye anangonyamula. Chondipweteka chinali chakuti mboni inalipo: m'depotimo tinapachikamo kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi cha mpweya ola lililonse. Koma kuti munthu awerenge zimene kalemba, anayenera kupita komweko ndi kompyuta, pakuti dera limenelo foni imagwira pokhapokha utakwera pachulu. Ine ndinakafika mu Januwale. Manambala anaonetsa kuti mu Okutobala monse matumba a pamwamba ankaphikika pansi pa malata, ndipo mvula itayamba chinyezi chinalowa pa khoma lina. Zimene ndinadziwa mu Januwale kachipangizo kanazidziwa miyezi itatu m'mbuyomo, pamene kusuntha matumba kukanapulumutsa mbewu.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikutsatira luso limene likukula msanga, lolola kachipangizo kotere kutumiza uthenga wake molunjika ku setilaiti yodutsa pafupi ndi dziko, popanda nsanja ya foni, popanda dishi, popanda magetsi a kampani. Ogulitsa ayamba kale kugogoda pa zitseko za makampani a mbewu m'chigawo chathu, ndipo ndi bwino tidziwe chimene akugulitsa tisanasaine.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Ntchito ya mbewu imatikankhira kutali mwadala. Munda wochulukitsa chimanga cha haibulidi uyenera kutalikirana ndi chimanga china chilichonse ndi mamita mazana angapo kuti mungu wachilendo usalowe, choncho timafunafuna malo amene anthu sanadzazane. Makampani a foni nawo amamanga nsanja kumene anthu achuluka. Zotsatira zake n'zakuti minda imene ifuna diso lathu kwambiri ndi imene ili kunja kwa netiweki. Ngakhale kumene nsanja ilipo, siikhulupirika pa nthawi imene tiifunitsitsa. Namondwe Idai mu Malichi 2019 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadula magetsi ndi mafoni m'madera ambiri a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Mu 2024 madzi ataphwera m'nyanja ya Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ochuluka patsiku ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo nsanja imene batire lake latha imangokhala chitsulo choima.

Pamenepo mbewu siidikira. Malamulo a James Harrington, amene aliyense wa ife anaphunzira, amati moyo wa mbewu yosungidwa umafupika ndi theka pamene chinyezi chake chakwera ndi 1 peresenti, ndiponso pamene kutentha kwakwera ndi madigiri pafupifupi 5. Ndiye kuti thumba limene lili pa madigiri 35 pansi pa malata limakalamba mofulumira kanayi poyerekeza ndi limene lili pa madigiri 25. Miyezo ya SADC imafuna kuti mbewu yovomerezeka ya chimanga imere 90 peresenti ndipo chinyezi chake chisapitirire 13 peresenti, koma chiphaso chimanena za tsiku limene mbewu inayesedwa. Za miyezi yotsatira, m'galimoto, pachipata cha malire, m'golosale ya wogulitsa zipangizo zaulimi, chiphaso sichinena kanthu. Soya ndiye wosachedwa kugonja kuposa chimanga, ndipo mtedza ukanyowa umabweretsanso chuku.

Mmene uthenga umakwerera

Masetilaiti amene tinazolowera, otipatsa kanema kudzera pa dishi, ali pamtunda wa makilomita 35,786 ndipo amaoneka ngati aima malo amodzi. Amene tikukamba pano ali pafupi kwambiri, ambiri pakati pa makilomita 500 ndi 800. Kufupika kumeneku ndi kumene kumalola kawailesi ka batire laling'ono, kokhala ndi eriyo yotalika ngati cholembera, kumveka kumwamba. Koma setilaiti yotsika chonchi siingaime. Imathamanga makilomita pafupifupi 7.5 pa sekondi, kuzungulira dziko m'mphindi 90 ndi zochepa, ndipo ikatulukira pamwamba pa munda wanu imaoneka mphindi zochepa chabe isanalowe mbali ina.

Choncho kachipangizo kamagona nthawi yambiri. Kamadzuka, kuyeza, kusunga manambala, n'kugonanso. Kamadziwa nthawi imene setilaiti idutse, ndipo ikafika kamaponya uthenga wake m'kanthawi kochepa. Setilaiti imasunga uthengawo mpaka itafika pamwamba pa siteshoni ya pansi, nthawi zambiri kufupi ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko monga ku Svalbard, n'kuutsitsa. Kuchoka pamenepo umayenda pa intaneti mpaka pa foni kapena kompyuta ya mlangizi. Kugona kumeneku ndiko chinsinsi cha batire lokhalitsa zaka. Ndikonso gwero la kuchedwa: uthenga ukhoza kufika patatha mphindi zingapo, ukhozanso kufika patatha maola.

Pali mfundo imodzi imene timabuku ta ogulitsa sitimaitchula kawirikawiri. Masetilaiti ambiri amtunduwu amayenda njira yodutsa kumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko, ndipo njira zimenezi zimathithikana kumeneko n'kutalikirana pakati. Lilongwe ali pa madigiri 14 kummwera, Lusaka pa 15, Harare pafupifupi pa 18. Setilaiti imodzi imene mlimi wa ku Scotland amaiona kambirimbiri patsiku, ife timaiona kangapo kokha. Wina akakuuzani kuti uthenga umafika m'mphindi zakutizakuti, mufunseni kuti nambalayo anaiyeza pati.

Uthenga wake ndi waung'ono modabwitsa. SMS imodzi ili ndi mabaiti 140. Kampani ya Myriota ya ku Adelaide, imene inayamba mu 2015 ndipo inatchuka poyang'anira matanki a madzi a ziweto m'madera ouma a Australia, inamanga ntchito yake pa uthenga wa mabaiti 20, kutanthauza kuti mauthenga 7 otere angakwane mu SMS imodzi. Iridium, yokhala ndi masetilaiti 66 pamtunda wa makilomita pafupifupi 780, imalola mabaiti 340 pa timawailesi take tating'ono. Poyamba ndinkaona ngati zimenezi ndi zoseketsa, mpaka nditakhala pansi kuwerengera. Kutentha, molondola mpaka gawo limodzi la magawo khumi a digiri, kumakwana m'mabaiti 2. Chinyezi cha mpweya, baiti imodzi. Mvula yogwa patsiku, mabaiti 2. Mphamvu yotsala m'batire, baiti imodzi. Ndiye kuti kutentha kwapamwamba ndi kotsika kwa tsikulo, chinyezi, mvula ndi batire zonse zimakwana m'mabaiti 8, malo n'kutsalanso. Chithunzi cha tsamba lodyedwa ndi ntchemberezandonda ndiye sichingadutse konse. Aliyense wolonjeza zimenezo akukamba za luso lina.

Ubwino umodzi wosayembekezeka ndi wa mvula. Dishi ya kanema imasiya kugwira mtambo ukakhuthala, chifukwa mafunde ake ndi aafupi kwambiri ndipo madontho amawameza. Zipangizozi zimagwiritsa ntchito mafunde otsika, ambiri osafika kapena ongopitirira pang'ono gigahezi imodzi, amene mvula siiwasokoneza kwenikweni. Adani ake ndi ena: denga la malata, khoma la kontena, ndi chimanga chimene chakula kupitirira eriyo. Kachipangizo kangakhale mkati mwa nkhokwe, koma eriyo iyenera kutuluka padenga n'kuona thambo lonse.

Ogulitsa ake ndani

Lusoli si latsopano monga likumvekera. Dongosolo la Argos, limene France ndi America anayambitsa mu 1978, lakhala likutsatira nyama zakutchire ndi zipangizo zoyandama panyanja kwa zaka zoposa 40. Chasintha ndi mtengo: masetilaiti tsopano amapangidwa aang'ono ngati katoni, ndipo roketi imodzi imanyamula ambirimbiri. Kinéis ya ku Toulouse, imene inatenga ntchito ya Argos, inakweza masetilaiti 25 pakati pa Juni 2024 ndi Malichi 2025 kuchokera ku New Zealand.

Njira zilipo zingapo, ndipo kusiyana kwake kumakhudza thumba lathu. Makampani ena, monga Myriota, Kinéis ndi Iridium, ali ndi chilankhulo chawochawo cha wailesi; mukagula kachipangizo kawo, kamalankhula ndi masetilaiti awo okha. Ena, monga Lacuna Space ya ku Britain, amagwiritsa ntchito LoRaWAN, imene minda ina yaikulu ikuigwiritsa kale ntchito pansi pano. Gulu lachitatu likutsatira miyezo ya mafoni yeniyeni. Mu 2022 bungwe la 3GPP linamaliza Release 17, imene inalola NB-IoT kudutsira pa setilaiti, ndipo Sateliot ya ku Barcelona inakweza masetilaiti 4 a ntchito imeneyi mu Ogasiti 2024. Cholinga chake n'chakuti kachipangizo kamodzi, ndi SIM khadi imodzi, kagwiritse ntchito nsanja ikapezeka ndi setilaiti ikasowa. Kwa galimoto yonyamula mbewu kuchoka ku Lusaka kudzera ku Tete, imeneyi ndiyo njira yokopa mtima. Ili ndi mtengo wake pa batire, pakuti kachipangizo kayenera kudziwa malo ake pa GPS kasanalankhule, kuti kakonzeretu kusokonekera kwa mafunde kobwera ndi liwiro la setilaiti.

Ambiri amandifunsa za Starlink, poti inafika ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023, ndi ku Zimbabwe ndi Botswana mu 2024. Imeneyo ndi intaneti yathunthu, yofuna dishi ndi mawati makumi angapo usana ndi usiku. Pa famu yaikulu ya ku Mkushi kapena Chisamba, kumene zoyezera 50 zili m'dera limodzi, nzeru ndi kuimika mlongoti umodzi wa LoRaWAN wosonkhanitsa mauthenga onse n'kuwatumiza kudzera pa dishi imodziyo. Kulipira setilaiti pa choyezera chilichonse pamenepo ndi kutaya ndalama. Kulunjika ku setilaiti kumapindula pamene zinthu zamwazikana: alimi a kontirakiti 30 otalikirana makilomita ambiri, madepoti a nyengo imodzi, minda yoyeserera mitundu yatsopano imene ili m'zigawo zosiyana.

Nkhani ya Swarm ndi yofunika kuikumbukira. Kampani imeneyi ya ku America inatchuka ndi mtengo wa madola 5 pamwezi pa kachipangizo, ndipo anthu ambiri anamanga ntchito zawo pa iyo. SpaceX inaigula mu 2021, ndipo mu 2023 inasiya kugulitsa zipangizo zatsopano. Hiber ya ku Netherlands nayo inasiya masetilaiti akeake mu 2021. Setilaiti yaing'ono yotsika imakhala zaka zochepa isanagwe kapena kutha mphamvu, ndipo kampani imene yalephera kupeza ndalama zokwezera ina imasiya makasitomala ali ndi zipangizo zolankhula ndi thambo lopanda kanthu. Ife timapanga mtundu wa chimanga kwa zaka 7 kapena kuposa. Si ambiri mwa makampani amenewa amene atsimikizira kuti adzakhalapo nthawi yotalika chonchi. N'chifukwa chake ineyo ndimapendekera ku zipangizo zotsatira miyezo yofanana, zimene zingasamukire kwa wogulitsa wina, ngakhale zitakhala zodula pang'ono lero.

Zimene kangachite ndi zimene sikangachite

M'nkhokwe ndi m'madepoti phindu lake ndi loonekeratu. Mbewu siwonongeka m'ola limodzi, imawonongeka m'masabata. Uthenga umodzi kapena iwiri patsiku ndi wokwanira kuti munthu aone kuti mpweya wakhala pamwamba pa 70 peresenti kwa masiku asanu, n'kutumiza mawu kuti matumba achotsedwe pakhoma ndi kuikidwa pa mathandala. Chipinda chozizira chosungira mbewu ya makolo ndi nkhani ina. Makina akazima usiku, sindifuna kumva m'mawa. Pamenepo pafunika njira yofika m'mphindi zochepa, monga Iridium imene masetilaiti ake amapatsirana uthenga m'mlengalenga, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo.

Kumunda, chimene ndimachifuna kwambiri ndi mvula ndi kutentha kwa pamalo penipenipo. Pochulukitsa haibulidi timabzala mizere yaimuna ndi yaikazi motalikitsa masiku kuti mungu udzatuluke pamene ndevu zakonzeka. Kukumana kumeneku kumatsatira kutentha kumene mbewu yasonkhanitsa pamwamba pa madigiri 10, osati kalendala ya pakhoma. Nyengo ikatentha kuposa nthawi zonse, ngayaye zimafulumira, ndipo ng'amba ikagwa nthawi yomweyo ndevu zimachedwa. Kutentha kukapitirira madigiri 35 mungu umafa msanga. Nyengo ya 2023/24, pamene Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza za tsoka la chilala pakati pa Febuluwale ndi Epulo, ambiri a ife tinaona zitsononkho zopanda njere m'minda imene pa pepala inabzalidwa bwino. Mlangizi amene ali ndi alimi 40 ndi njinga yamoto imodzi sangafike paliponse. Manambala a tsiku ndi tsiku angamuuze munda umene ayambire ndi tsiku loitana anthu ochotsa ngayaye.

Koma palibe choyezera chimene chingaone ngayaye imodzi yotsala pa mzere waukazi, kapena chimanga cha mnansi chimene chabzalidwa mkati mwa malire. Zimenezo zimafuna mapazi ndi maso. Oyendera a Seed Services Unit ku Chitedze kapena a SCCI ku Chilanga sangalowedwe m'malo ndi batire, ndipo ndimachita mantha ndi bwana amene akaona manambala okongola pa kompyuta angayambe kudula mafuta a njinga za alangizi.

Palinso zazing'ono zimene zimapha ntchito. Geji ya mvula imatsekeka ndi masamba, mavu amamangamo, akangaude amaluka pa kachidebe kake. Ikatero imatumiza ziro mokhulupirika tsiku ndi tsiku, ndipo setilaiti imanyamula bodzalo mwaulemu wonse. Chiswe ndi makoswe amadya mawaya. Kasola kakang'ono pamtengo pakati pa munda ndi chiyeso kwa aliyense wofuna kutchaja foni. Zoyezera chinyezi cha mpweya zimasokera pakapita nthawi, makamaka m'fumbi la mankhwala opaka mbewu ndi mu mpweya wa fosifini wophera anankafumbwe, umene umadya mkuwa. Chotsani zipangizo musanafukize nkhokwe. Ine ndinaphunzira zimenezi nditataya ziwiri.

Malire ndi umwini

Setilaiti imadutsa Mchinji ndi Chipata osaima, koma lamulo limaima. Kachipangizo kalikonse kotulutsa mafunde kayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la dziko limene kali: MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, INCM ku Mozambique, POTRAZ ku Zimbabwe, ICASA ku South Africa. Kampani ya setilaiti nayo iyenera kukhala ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo, ndipo mapu a wogulitsa oonetsa dziko lonse lapansi litapakidwa mtundu umodzi amanena za kumene setilaiti imafika, osati kumene yaloledwa. Samalaninso ndi zipangizo za LoRaWAN zogula pa intaneti: zopangira msika wa America zimalankhula pa megahezi 915, pamene chigawo chathu chimatsatira 868 monga Ulaya. Takhala zaka zambiri tikugwirizanitsa malamulo a mbewu, kudzera mu dongosolo la SADC ndi malamulo a COMESA a 2014, kuti thumba lovomerezeka ku Zambia ligulitsidwe ku Malawi popanda kuyambiranso. Zikhala zachisoni thumba litadutsa malire koma choyezera chake n'kugwidwa. Apa bungwe lathu lingathandize kuposa kampani iliyonse payokha, pofunsa mabungwe asanu aja funso limodzi ndi kufalitsa mayankho awo kwa mamembala.

Funso lovuta kwambiri si la luso. Ndikaimika choyezera m'munda wa mlimi wa kontirakiti, manambalawo ndi a yani? Akaonetsa kuti mvula inasowa masabata atatu pa nthawi ya ndevu, amamuteteza mlimiyo ku mlandu wa ulesi. Akaonetsa kuti sanathirire, amam'manga. Akaonetsa kuti depoti inatentha, wina ayenera kulipira, ndipo pa mlandu wa soya uja wolakwa wamkulu anali ife, amene tinatumiza mbewu yosakhwima mtima kumalo otentha miyezi itatu isanafunike. Mboni imene imalankhula ndi kampani yokha si mboni. Ngati manambala adzagwiritsidwa ntchito pogamula malipiro, mlimi ndi wosunga depoti ayenera kuwaona tsiku lomwelo, m'chilankhulo chawo, ndipo kontirakiti inene zimenezi poyera. Apa pali chopinga chenicheni: uthenga umakwera kuchoka m'munda wa mlimi, kutsikira ku Svalbard, kufika pa kompyuta yanga mumzinda, koma kubwerera kwa mwini munda kumafunabe foni imene sigwira. Njira yophweka imene ndapeza ndi kugula zoyezera zokhala ndi kagalasi koonetsa manambala pomwepo, kuti iye awerenge zimene ine ndikuwerenga.

Nyengo ino tikuyesa pa madepoti atatu okha ndi minda iwiri. Pambali pa choyezera chilichonse cha setilaiti taikapo chakale chija chowerenga ndi waya, ndipo kumunda mlimi akulembabe mvula m'kope kuchokera pa geji ya pulasitiki. Pofika Epulo tidzawerenga mauthenga amene anatumizidwa ndi amene anafika, maola amene anachedwa, ndi mphamvu yotsala m'batire. Depoti ya soya ija ili m'gulu la atatuwo, ndipo eriyo yake taitulutsira pamwamba pa malata, mbali yotalikira ndi mtengo wa mango.